Dzanja Lamanja la a Elliam

Anthu a kwa Utale akamatchula a Elliam Nakhumwa sayamba ndi ulimi, ngakhale kuti thonje ndi nandolo ndizo zinalera ana awo. Amayamba ndi kiyibodi. Bambo awo ankaimba ng'oma za tchopa, luso lomwe makolo awo anabwera nalo kuchokera ku Mozambique, ndipo a Elliam anakula akugogoda chilichonse chomwe chili pafupi: ndowa, chitseko, ngakhale msana wa mng'ono wawo. Atabatizidwa ng'omazo anazisiya, koma kamvekedwe kake sikanawachoke m'manja.

Kiyibodi inafika m'tchalitchi chawo chaching'ono ndi mkulu wina wochokera ku Joni. Inali yakale kale, batani limodzi lomatidwa ndi selotepi, ndipo m'mbali inali ndi kakamwa kolowetsapo disiki, tija tamakona anayi tokwana m'thumba la malaya. A Elliam ndiwo anazindikira ntchito ya kakamwako. Kiyibodiyo inkatheka kuiphunzitsa. Munthu ankaimba ng'oma, n'kuonjezera besi, kenako gitala ndi tizokometsera ta dzanja lamanja, zonse n'kuzisunga pa disiki. Tsiku loimba ankangogwira makodi, makiyi atatu olira pamodzi, ndi dzanja lamanzere, iyo n'kumatsatira. Akasintha kodi, besi ndi gitala zinkatembenuka naye. Kwaya ikatenthedwa n'kubwereza kolasi, iye ankabwereza nayo, ndipo nyimbo inkatha pomwe dzanja lake lanena kuti ithe.

Zaka zambiri a Elliam ankati akaweruka kumunda, n'kukhala pakhonde ndi batire la galimoto, kumadzaza madisiki. Anaika m'nyimbo za Mulungu kugunda kwa tchopa, mochenjera ndithu kuti akuluampingo asadandaule. Makwaya a ku Balaka ankabwera kudzafunsa kuti mabitiwo anawagula kuti.

Sitiroko inawapeza m'mawa wina ali m'munda wa thonje. Akazi awo, mayi Elube, anawapeza atagona pakati pa mizere, khasu lili poteropo. Atatuluka m'chipatala, mwendo unayamba kumvera pang'onopang'ono, mawu anabwerera ochedwa, koma dzanja lamanja linangoti lende, osagwira ngakhale supuni. Anthu ankabwera kudzazonda n'kumalankhula za kiyibodi motsitsa mawu ngati za maliro.

Koma Lamulungu lina anapempha kuti awakhazike pampando wawo. Mayi Elube anawalowetsera disiki. A Elliam anagwira kodi ndi dzanja lamanzere, ndipo dzanja lamanja lija, lomwe linali gone pantchafu, linamveka m'sipika likuthamanga monga kale. Azimayi ena analira. Kuyambira pamenepo anaimbabe zaka zingapo, ndipo alendo sankadziwa n'komwe kuti woimbayo ali ndi dzanja limodzi. Kumunda sankathanso, njinga sankakwera, pa msonkhano wa m'mudzi mawu awo ankatha anthu atayamba kale nkhani ina. Pampando umenewo pokha ndi pomwe anthu ankawadikira.

Dzinja lina mphezi inagwa pafupi ndi tchalitchi kiyibodi ili pamoto wa sola. Wokonza mawailesi ku Balaka anaitsegula, n'kununkhiza, n'kuitsekanso. Anati zamkati zapsa ndipo zotere anasiya kupanga. Kwaya inasonkha n'kugula ina yatsopano, ya kampani ina, yonyezimira, yolowa fulashi. Kakamwa ka disiki inalibe. Mabiti ake anali achizungu, ofuna munthu wa manja awiri kuti awadzaze.

Mayi Chrissie, wapampando wa kwaya, anabwera okha kunyumba. Anakhala pamkeka, n'kufunsa za mvula, za mbuzi, za mwendo, kenako anafika pa nkhani.

"Bambo, Pasaka wayandikira. Ife tikufuna inuyo, musakayike. Koma zanu zija zikapanda kulowa m'yatsopanoyi, ndiye kuti tipempha aphunzitsi a Kevin agwirizire."

"Agwirizire," anatero a Elliam. Ankadziwa kuti mpando wogwirizira subwezedwa.

Mayi Elube anaika madisiki onse m'chitini cha mabisiketi, n'kuchikulunga m'chitenje. Awiriwo anayamba ndi ku Balaka, pa shopu ina yojambula mapepala. Mtsikana wa pamenepo anapeza kompyuta yakale, n'kulowetsa disiki imodzi. Kompyuta inati disikiyo ndi yosakonzeka, kodi iikonze? Iye anavomera, monga amachitira ndi memole khadi iliyonse yovuta. Inalira pang'ono, n'kunena kuti yatha. Disikiyo inatuluka yoyera, mulibe kanthu. Inali ya nyimbo za pamaliro. A Elliam sanakalipe. Anangotseka chitini ndi chigongono.

Kondakitala wa minibasi ndiye anawauza za Mahmudu wa ku Liwonde, yemwe amabena nyimbo ndi kukonza mafoni pafupi ndi depoti. Anali bambo wa ndevu zochepa, wolankhula mwachangu, wosinthasintha Chiyao ndi Chichewa malinga ndi kasitomala. Ataona zam'chitinimo anaseka.

"Madala, izi mwafukula kumanda ati? Ndinaziona komaliza ndili ku pulayimale."

"Che Mahmudu, inu bakonzani mafoni," anayankha a Elliam mwa kuchedwa kwawo kuja. "Zikakukanikani munene, tipite kwa Alomwe anzathu."

"Alomwe akonza ndi chiyani, nkhwangwa?"

Anakoka kompyuta yafumbi pansi pa benchi, n'kulowetsa disiki. Funso lomwe lija linatulukanso. Mayi Elube analizindikira msanga ngakhale Chingerezi sawerenga, ndipo anagwira dzanja la Mahmudu.

"Iyayi, achimwene. Pamenepo ndi pomwe anatiphera ina ku Balaka. Akuti mulibe kanthu. Mulibe kanthu bwanji, poti bambo awa ankasiya udzu m'munda chifukwa cha zimenezi?"

Mahmudu anachotsa chala. Anatulutsa disikiyo, n'kuitembenuza uku ndi uku.

"Mayi, mwanena zoona. Kompyutayi sikuti yaona kuti mulibe kanthu. Yangolephera kudziwa kasanjidwe kake. Zili ngati mwalowa m'golosale ya munthu wina, shuga simunamupeze pomwe mumaika inu, ndiye mukuti shopu ndi yopanda katundu, tisese."

Anati asiye chitinicho, sadzalola makina alionse kumasulira kapena kukonza kalikonse. Adzagwiritsa ntchito pulogalamu ina, yotchedwa Linux, yomwe ingathe kukopera disiki yonse kuyambira poyamba mpaka pothera osafunsa kuti muli chiyani, monga kunyamula thumba losamasula. Akatero adzayerekeza kukula kwa zomwe watenga ndi kwa disiki, kuti pasatsale ngakhale kambewu kamodzi. Kumasula thumbalo adzachitira pa zokoperazo, madisiki ali pambali.

A Elliam anabwerera kwa Utale opanda chitini, ndipo masabata amenewo sanapite kokonzekera nyimbo. Ali pakhonde ankamva kiyibodi yatsopano ikulira kutchalitchi, a Kevin akuyesa mabiti achizungu. Mnyamatayo ankaimba bwino, zala zake zinali zoyera, koma kwaya inkangomveka ngati yavala nsapato zobwereka.

Mahmudu ataimba foni, a Elliam ndi mayi Elube anapitanso ku Liwonde. Mahmudu anawakhazika pa benchi, n'kuthamangitsa makasitomala awiri ofuna nyimbo za ku Tanzania.

"Madala, mwandisowetsa tulo ndi makasitomala omwe. Mvetserani kaye zomwe zinatuluka poyamba, museke."

Anadina pa laputopu. Munamveka phokoso ngati mbale zikugwa pa simenti, kenako liwu limodzi lokoka osatha.

"Ameneyo si ine," anatero a Elliam.

"Ndi inuyo, koma owerengedwa chobwerera. Manambala onse ndinawatenga bwinobwino, palibe linatayika. Vuto n'lakuti nambala ikakhala yaikulu, makina amaidula pawiri. Kiyibodi yanu inkayamba kulemba chigawo chachikulu, laputopu iyi imayamba kuwerenga chaching'ono. Inu mwalemba 12, iyo ikuti 21. Ife ku madrasa timayambira kumanja kwa tsamba. Mutandipatsa buku la nyimbo la kwanu n'kuliwerenga choncho, abusa anu angandithamangitse."

"Akanakuthamangitsani musanatsegule n'komwe," anatero mayi Elube.

Mahmudu anaseka, n'kufotokoza kuti anapeza pa intaneti anthu akunja omwe anali ndi kiyibodi ngati yomweyo, ndipo wina analemba kasanjidwe ka mafayilo ake. Atauza pulogalamu mbali yoyambira, zonse zinakhala m'malo. Anadinanso.

Ng'oma zinayamba, besi inalowa, kenako gitala ija. Panja makondakitala ankaitanira za ku Ntaja ndi ku Zomba, wina ankakazinga chipisi, koma a Elliam sanamve zonsezo. Anaweramira ku kasipikako. Pakati pa nyimbo panali kaliwu kamodzi kochedwa pang'ono, ndipo anakakumbukira: tsiku lomwe ankajambula, mwana wawo Jacqueline, yemwe pano ali pabanja ku Mangochi, ankaphunzira kuyenda ndipo anawagwira chigongono. Sanakakonze. Kanali pomwepo, osasuntha.

"Zonse zilipo?" anafunsa.

"Zonse, kupatula ija ya ku Balaka. Ndayesa, koma inasesedwa ndithu. Zotsalazo ndaziika pa fulashi iyi, ndipo ndinakayesa pa kiyibodi ya mnzanga wa bandi, yofanana ndi yatsopano yanuyo. Zikulira."

A Elliam anakweza dzanja lamanzere, zala zitatu zitatambasuka.

"Nanga makodi ndizigwira pati?"

Mahmudu anayamba kusanja timasikuluwu pa tebulo. Kuseka kuja kunali kutatha.

"Apo ndiye ndakanika, madala. M'fayilo iliyonse muli zinthu ziwiri. Muli zomwe munaimba, ndiye muli malangizo ouza kiyibodi yakale ija mmene izitsatirira dzanja lanu. Zoimbazo makina onse amamva. Malangizowo ndi chinenero cha kampani ija yokha. Ndikuwaona, manambala ake ndi awa, koma yatsopanoyi ilibe poti iwalandirire. Ndiye ndatenga makodi omwe munasunga pa nyimbo iliyonse n'kuwamangirira pamodzi. Ikuimba yokha, kuyambira poyamba mpaka pothera."

"Yokha."

"Munthu angodina batani."

Mayi Elube ndiwo anayamba kumvetsa. Anatenga fulashiyo patebulo n'kuimanga pa mfundo ya chitenje.

"Bambo a Jaki, tikanene kuti zakanika. Izi zikhale kunyumba, muzimvera nokha. Akufuna zala zanu, inuyo akusiyeni pabenchi?"

"Kapena muzikhala pampando pomwepo," anatero Mahmudu, "dzanja lili pamwamba, ine ndikutsekerani mawu a makiyi. Adziwa ndani?"

"A Chrissie akabwereza kolasi, iyo n'kupitirira, adziwa onse," anatero a Elliam. Anapuma kuti mawu ena abwere. "Ndipo ine ndikhala ndikudziwa kuyambira pa vesi yoyamba."

Anakwera minibasi yobwerera kwawo. Powoloka mlatho wa Shire a Elliam anayang'ana madzi, kenako minda ya chimanga chomwe chinali chitayamba kuuma. Ankaganiza kuti akabisa fulashiyo, mpando sabwererapobe. A Kevin adzaimba mabiti achizungu, ndipo pakapita zaka ana a kwaya sadzadziwa kuti nyimbo zimenezi zinkagunda bwanji. Akaipereka, kaimbidwe kawo katsala, koma popanda iwo. Anayesa kupeza njira yachitatu mpaka pomwe anatsikira, osaipeza.

Mawa lake anapempha mayi Elube kuti amasule mfundo ija. Mayiwo anakana kawiri, kachitatu anamasula n'kulowa m'nyumba. A Elliam anayenda okha ndi ndodo mpaka kwa mayi Chrissie.

"Muwauze aphunzitsi asamagwire kalikonse ikayamba," anatero. "Ndipo inu muziwerenga makolasi. Iyi siidikira munthu."

Pa Pasaka tchalitchi chinadzaza mpaka ena anaima m'mawindo. A Elliam anakhala kumbali ya azibambo, mzere wachitatu, pakati pa anthu omwe kale ankangowaonera kumsana. A Kevin anadina batani n'kuika manja pamiyendo. Ng'oma zija zinabuka, ndipo anthu anatembenukira kutsogolo kufuna a Elliam, kenako n'kuwapeza ali pakati pawo. Ena anamwetulira, ena anayang'ana pansi.

Nyimbo yomaliza inagwira anthu. Azimayi anaimirira, nthungululu zinamveka, ndipo mayi Chrissie anaiwala zowerenga zija. Anakweza dzanja kuti kolasi ibwerezedwe, n'kucheukira ku kiyibodi monga ankachitira zaka zonse. Kiyibodi inagunda ng'oma zake zotsekera n'kukhala chete. Kwaya inapitirira mizere iwiri yopanda choimbira, mawu akuchepa, mpaka inaleka. Abusa anaimirira msanga n'kuyamba zolengeza.

Potuluka anthu ambiri anabwera kudzawagwira dzanja a Elliam, lamanzere lomwelo, n'kumati nyimbo zawo zabwerera. Iwo ankavomera kuti zabwereradi. Kwaya ikukonzekera masiku ano sawaitana, osati mwa chipongwe, koma poti palibe choti akachite. Mahmudu amatumizabe uthenga pa foni ya mayi Elube mwa apo ndi apo, kuti wamva za kiyibodi ya mtundu wakale uja ku Nampula, kapena kwa m'busa wina ku Ngokwe. Akafufuza imapezeka kuti inafa kale kapena ndi ya mtundu wina. Mayi Elube anasiya kuwawerengera mauthengawo, ndipo a Elliam safunsa.