Tsiku Limene Safia Anabereka Mtolo wa Zitenje

Kutatsala masiku asanu kuti Idi ifike, Safia anaima pamzere wa kusikelo pa kachipatala kena ku Mangochi, akudzigwedeza pang'onopang'ono monga amachitira mayi aliyense wobereka mwana. Mwanayo anali chete modabwitsa. Pa kabaza sanalire, pamzere sanalire. Mumtima Safia ankathokoza Mulungu kuti Awa wake wayamba kukhwima nzeru.

Nthawi yake itakwana, mlangizi wa zaumoyo anatambasula kabudula wa sikelo.

"Tsitsani mwana, mayi."

Safia anamasula nsalu n'kutembenuzira mwanayo kutsogolo. M'manja mwake munagwera mtolo wa zitenje za makasitomala, womangidwa bwinobwino, tepi yoyezera ili lendelende.

"Ameneyu katemera analandira kale?" anafunsa mlangiziyo, nkhope ili gwa.

Amayi apamzere anafa nazo nseko. Wina anakuwa ali kumbuyo, "Muyezeni basi adokotala, akuoneka kuti amadya bwino!"

Safia yekha sanaseke. Inu amayi anzanga mukudziwa mwana wa miyezi isanu ndi itatu amene wangophunzira kukwawa: chilichonse n'chopita kukamwa. Ndipo Awa anali atatsala yekha pakhonde la sitolo pomwe Safia ankasokera, pamalo pa singano, sizasi ndi simbi ya makala yosazima. Anathamanga Safia, kabuku ka kusikelo n'kukasiya pomwepo.

Anakapeza Awa ali pamiyendo pa Lizzie, telala wa khonde loyandikana nalo, mkazi wa mphunzitsi wochokera ku Ntcheu. Awiriwa ankangopatsana moni wa pamwamba, poti aliyense ankaona mnzake ngati wodzamulanda makasitomala.

"Ndamugwira atatsala pang'ono kufika pa simbi," anatero Lizzie motsitsa mawu. "Amake Awa, munagona liti komaliza?"

Safia anayesa kukumbukira. Analephera. Anakhala pansi n'kuyamba kulira.

Si kuti anali mayi wosasamala ayi. Anali mayi wamantha. Mayeso a folomu 4 anamukana, bambo ake anali atamwalira kale, ndipo anachoka kwawo ku Katuli ndi makina akale a azakhali ake atawamanga pa njinga. Miyezi yoyamba ankangosoka zigamba za makabudula a asodzi. Ndiye anthu atayamba kumukhulupirira, analumbira kuti nsalu yolowa pakhonde pake sidzabwerera yosasokedwa. Ankaona ngati akangokana imodzi, umphawi umva, ubwera.

Tsono mwezi wa Ramadani banja lililonse limafuna zovala zatsopano za Idi, ndipo aliyense amabwera mochedwa ali ndi mawu amodzimodzi: "Kanga n'kamodzi kokha." Safia ankangoti inshallah, n'kulandira. Pomasula swaumu, kusala kudya kwa tsikulo, ankadya phazi lili pa makina. Mkanjo wa bambo wina anausokera thumba kumsana. Mwamuna wake Atumani, wogulitsa usipa, ankati, "Ine ndinakwatira mkazi wokongola, koma masiku ano ndimangodziwa msana wake."

Pakhonde paja Lizzie anamusiya Safia alire kaye, kenako analoza makina ake.

"Taonani, akangaude amangamo nyumba. Anthu akutchalitchi kwathu amasoketsa mu Disembala. Nthawi imeneyo wamisala ndimakhala ine. Chaka chatha ndinagona mu kwaya nditaimirira, nyimbo inatha ine kukamwa kuli yasa. Bwanji zokuchulukirani muzindipatsa pa Idi, ine zanga ndizikupatsani pa Khirisimasi?"

"Nanga akakakonda msoko wanu, osabwereranso kwa ine?"

"Abwera mu Disembala ndi anga omwe. Mudzatopa nawo."

Tsiku lomwelo Atumani anakhoma misomali khumi pakhoma. Msomali uliwonse, nsalu imodzi. Ikadzaza misomali, yotsatirayo iwoloke kupita kwa Lizzie. Kunena kunali kosavuta, mpaka m'mawa mwake pamene panatulukira apongozi ake a Safia, mayi ake a Atumani, atasenza chikwama.

"Make Awa, si zambiri ayi. Madiresi asanu ndi anayi okha, ine ndi azibale anga. Tikufuna tikafanane popita kukapemphera swala ya Idi."

Safia anayang'ana kukhoma. Msomali wopanda nsalu unali umodzi. Apongozi amenewa ndi amene anamulandira atangofika kumene m'tauni, ndipo chikwatiwire anali asanawayankhepo china choposa "chabwino amayi". Safia anagwada n'kuyankha.

"Amayi, sindikwanitsa. Lanu ndisoka ndi manja angawa. Enawo asoke a Lizzie."

Apongozi anamuyang'ana ngati wayankhula Chitchaina.

"Wati chiyani?"

"Sindikwanitsa, amayi."

"Akutchalitchiwo akudziwa kuti diresi lathu limafika kuchidendene? Asatisokere zoonetsa maondo ife, tili ndi zidzukulu."

"Ndikudziwa, amayi!" anayankha Lizzie ali pakhonde pake. "Mukafuna lizisesa ndi msewu womwe, a khonsolo apume!"

Apongozi anasiya chikwamacho osatsanzika. Masiku anayi Safia anakhala mtima uli m'mwamba, akudikira kuitanidwa kuti akafotokoze mwano umenewu anauphunzira kuti. Koma madiresi anatha nthawi yake, ndipo pa Idi amayi asanu ndi anayi anayenda mumsewu ngati akupita kukajambulitsa. Safia naye anapita ku swala atavala chatsopano, koyamba chiyambire utelala.

Patapita mlungu apongozi anabweranso, n'kumukokera pambali.

"Mnzako uja dzanja lake ndi labwino," ananong'ona. "Koma usamuuze, angadzimve."

Lero Safia ndi Lizzie ali ndi shopu yawoyawo, makina anayi, ndi amayi awiri amene anawalemba ntchito. Lachisanu Safia sagwira sizasi, Lamlungu Lizzie saoneka. Makasitomala ena anakwiya n'kupita, n'zoona. Ambiri anabwerera, chifukwa zovala za pamenepo zimatha tsiku lomwe analonjeza.

Inu amene mwayamba kabizinesi mutachokera kutali, mantha anuwo ndi omveka. Amene anagonapo ndi njala savomera msanga kuti ntchito yachuluka. Koma bizinesiyo mutu wake ndinu, manja ake ndinu, ndipo mukagwa palibe kasitomala amene adzabwere kudzakusambitsirani ana. Yang'anani pakhonde loyandikana nalo, mwina amene mukumuyesa mdaniyo nyengo yake yotanganidwa si yanu. Osataya mtima, pitirizani kulimbikira, koma mawu akuti "sindikwanitsa" muwaphunzire. Amawawa pakamwa tsiku loyamba lokha.