Theka la a Rozina

Pa esiteti ina ya fodya kufupi ndi Mitundu, a Jeremiya ankadziwika ndi khalidwe limodzi: chakudya chokoma sankachimaliza. Mukawapatsa nthochi, ankanyema pakati. Akagula kanyenya pamsika, theka ankalikulunga m'pepala n'kuponya m'thumba la jekete. Matenanti anzawo ankawaseka kuti makoswe amalidziwa thumbalo kuposa nkhokwe. Iwo ankangoti, "Ili ndi la amayi a Tadala."

Iwo ndi akazi awo, a Rozina, anachoka ku Phalombe ali achinyamata, ati akalime nyengo ziwiri abwerere ndi malata. Imvi zinawapeza akusokabe fodya m'chigafa cha eni ake. Chimene sanaphonyepo n'chakuti fodya akagulidwa, a Jeremiya ankapita ku Lilongwe n'kubwerako ndi buledi. Kwa iwo, mwamuna wochoka m'tauni wopanda buledi anali ngati sanapiteko.

Chakudza sichiimba ng'oma. Chaka chatha a Rozina anadwala, ndipo m'kamwa ndi kukhosi munatuluka zilonda. Anawagoneka kuchipatala cha Mitundu. Nsima ankangoiyang'ana, phala linkawabwerera. Namwino sanabise mawu: akapanda kudya, mankhwala okha sangawadzutse.

A Jeremiya anasiya mkazi wa tenanti mnzawo pambali pa wodwalayo n'kukwera minibasi ya m'tauni. Mwana wawo Tadala ankatsuka mbale pa lesitilanti ya anthu a ku Vietnam, ndipo bambo akewo ankaganiza kuti mwina iyeyo angadziwe chimene mayi ake angameze.

Tadala anawakhazika pakona n'kuwabweretsera mbale yakuya. Munali msuzi wa ng'ombe wotentha, timasamba tonunkhira, ndi tizingwe toyera ta ufa wa mpunga. Timitengo todyera tinawakanika, mpaka mwanayo anawapatsa supuni. Msuziwo unkatsetsereka pakhosi osafuna mano. Anazindikira mbale itauma, ndipo anachita manyazi, pakuti aka kanali koyamba kumaliza chinthu okha.

"Bambo, ndikuthirireni wina m'kabakuli kotseka," anatero Tadala. "Amayi angamwe umenewu."

A Jeremiya anapukusa mutu. "Iwe, ndichoke m'tauni ndi madzi a nyama? Anthu a m'wodimo akati chiyani, kuti ndakapempha zotsala? Mayi ako amadikira buledi. Ndionetse kumene amagulitsa wabwino kuposa yense."

Mwana sakangana ndi bambo ake pagulu. Anawatengera kumalo ophikira buledi wa Chifalansa, kumene magalasi ake anawachititsa a Jeremiya kupukuta nsapato pakhomo. Anasankha wautali ngati mpini wa khasu, akadali wofunda. Wogulitsa anawalawitsa kachidutswa: kunja kokhukhuta, m'kati mofewa ngati thonje. Anawachenjeza kuti ameneyu amafunika kudya tsiku lomwelo. A Jeremiya anaseka chamumtima. Buledi ankamudziwa iwo, amakhala sabata yathunthu.

Mvula inawatsekereza, ndipo anakagona ku Nathenje kumene Tadala ankachita lendi. M'mawa mwake anakwera minibasi atamupingasa buledi uja pamiyendo, akukalipira aliyense womukhudza. Mumtima munali chimwemwe chimene anali asanachimve chiyambire matendawo.

Atafika m'wodi anamuvundukula monyadira. Anayesa kunyema, buledi anakana. Anabwereka mpeni, zinyenyeswa zinangothethekera pabedi. Usiku umodzi wokha unali utamusandutsa chikuni. Anaviika kachidutswa mu tiyi, nadikira, napereka.

A Rozina analandira ndi manja awiri. Anatafuna pang'onopang'ono kuti amuna awo asakhumudwe, koma khungu la bulediyo linapala zilonda zija. Anatembenukira kukhoma n'kulavulira pachitenje, ndipo a Jeremiya anaona magazi.

"Ndi wokoma, bambo a Tadala," anatero atapuma. "Nanga inu kutauniko munadyako chiyani?"

A Jeremiya anafotokoza, akufuna kuwaseketsa. Ananena za timitengo timene tinawachititsa manyazi, za tizingwe toterera, za msuzi wolowa wokha pakhosi. A Rozina ankamvetsera atatsinzina, akumeza malovu movutika.

"Umenewotu ndikanamwa," anatero. Kenako anatsegula maso n'kuyang'ana thumba la jekete lija, akumwetulira pang'ono. "Nanga theka langa lili kuti?"

A Jeremiya anapisa dzanja m'thumbamo ngati muli kanthu. 

Anamuimbira foni Tadala kuti abwere nawo msuziwo, koma kuntchito anamuuza kuti adikire Loweruka. Anafika nako kabakuli kaja mayi ake atasiya kale kumeza ngakhale madzi. A Rozina atamwalira, anawaika m'manda a pafupi ndi esiteti, kutali ndi kwawo ku Phalombe.

Namwino anawauza a Jeremiya kuti matendawo anali atapita patali, msuzi sukanasintha kanthu. Mwina n'zoona. A Jeremiya amavomera ndi mutu, koma mtima wawo sunavomere mpaka lero. Akadali pa esiteti pomwepo, akusoka fodya, ndipo anzawo anasiya kuwaseka. Mukawapatsa nthochi amanyemabe pakati, theka n'kuliika m'thumba. Limakhala momwemo mpaka lide.