Dzanja la mayi wa ku Kaseye

Amuna anga atatumizidwa kukaphunzitsa ku Kaseye, anapita ndi kamera yawo. Mapepala otsukirapo zithunzi kumeneko kunalibe, ndiye ankapanga okha. Ankagula botolo la mankhwala oyera kwa amalonda ochokera ku Tanzania, n'kuliviika m'madzi ofunda kuti mankhwalawo asungunuke, kenaka n'kuwapaka pa mapepala okhuthala ndi burashi. Zonsezi zinkachitikira m'kachipinda kotchinga zenera ndi bulangete, kounikira ndi tochi yokulunga m'pulasitiki yofiira, chifukwa mankhwalawo akangoona dzuwa ndiye kuti afa.

Poyamba wopaka ndinali ine. Koma dzanja langa ndi lolemera, ndipo nkhope za anthu zinkatuluka ndi mizere ngati zakandidwa ndi mphaka. Tsiku lina abambowo anaona mmene mayi wamasiye woyandikana nafe nyumba ankazirira khonde lake, mosalala bwino, n'kumupempha kuti adzayese. Chithunzi choyamba cha pa pepala lake anabwera nacho kwa ine akumwetulira, ati ndione nawo kukongola.

Nsanje inandigwira, sindibisa. Loweruka lililonse masana awiriwo ankadzitsekera mumdima, ine mwini nyumba ndili panja kuwafunditsira madzi. Ndinkatchera khutu pachitseko koma osamva kanthu. Anthu osachita zoipa amayankhula, ndinkatero mumtima.

Loweruka lina ndinatula ketulo pansi n'kukankha chitseko, dzuwa n'kulowa lonse. Mayiyo anali patebulo, burashi ili m'manja. Amuna anga anali cha kukhoma, akuyanika mapepala pachingwe, ndipo dzanja lawo linali litatambasuka kale kulandira pepala lina asanacheuke n'komwe.

“Amama, jalani chitseko,” anatero mayiyo motsitsa mawu.

Ndinatseka, koma madzi anali atatayika kale. Mapepala onse anawonongeka, ndi mankhwala a m'mbale omwe.

“Mwaona zimene mumafuna?” anandifunsa amuna anga.

Ndikanawapeza atagwirana, ndikanadziwa pokadandaula, ankhoswe alipo. Koma ndikanakanena chiyani? Kuti mwamuna wanga amamvana ndi mayi wina popanda kuyankhula? Ine zaka zonse za ukwati wathu, ngakhale kupinda nsalu yogonera tinkayamba takangana kaye za mbali yogwira.

Mayiyo sanabwerenso. Mankhwala ena atafika, abambowo ankalowa okha m'kachipindamo, ndipo zithunzi zinkatuluka ndi mizere kuposa zanga. Sanandiitane.