Tsiku limene bambo anatsuka mafuta

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi chaka chimene petulo anasowa ku Chipoka. Maboti a anzathu anali atanyamuka kale kupita kukapha nsomba ku chilumba cha Mbenji ndi mafuta ogula mwa katangale. Lathu linali gone pamchenga, ndipo bambo sankakhazikika. Ankati akakhala pansi, adzuke, akagwire injini, abwerere, adzukenso. Injini imeneyo ndiyo inkatidyetsa tonse pakhomo.

Mnzawo wina wa kunjanji anawauza kuti kumayiko ena amaphwanya miyala yakuda, n'kutulutsamo mafuta, n'kuwatsuka ndi asidi mpaka akhale petulo. Pa nkhani yonseyo bambo anatolapo mawu amodzi okha: kutsuka. M'mawa mwake anabwera ndi chigubu cha oyilo wakuda wotha ntchito, ndi asidi wa m'batire lakale.

"Bambo a Asiyatu, kodi mafuta ndi mbale?" anafunsa mayi.

"Miyala ikutheka, nanji oyilo!" anayankha bambo.

Asiyatune ndinapatsidwa ntchito yolondera botolo limene anasakaniziramo. Linafunda, fungo lake linkalasa m'maso, ndipo kadontho kamodzi kanaboola diresi langa. Pansi panadikha zakuda bii ngati phula, pamwamba panatsala zofiirira ngati tiyi wopanda mkaka. Bambo ankangondizungulira: "Zayera? Zayera?" Ndinkafuna ziyere, komanso ndinkaopa.

Kudikira kunawakanika. Anatsanula zapamwambazo, anasakaniza ndi kapetulo kotsala, n'kuthira m'thanki. Atakoka chingwe, abale inu, injini inalira! Ndinalumpha, bambo anakuwa kuitana mayi. Mayi asanatuluke n'komwe, inatsokomola, inalavula utsi, n'kuti zii. Bambo anakoka chingwecho masiku angapo mpaka matuza m'manja. Makaniko atadzaitsegula anangopukusa mutu, m'kati monse munali mutadyeka.

Ku Mbenji bambo anapita ndithu, koma ngati waganyu wokoka makoka pa boti la mwini. Injini ina sanadzagulenso. Zinandiwawa, ndipo zimandiwawabe.

Lero ndikudziwa kuti mnzawo uja sananame, anangodumpha pakati. Mafuta a m'miyalawo amayamba awatcheza pamoto monga amachitira kachasu, ndipo asidi amangochotsamo litsiro, sasandutsa kanthu. Ndikudziwanso kuti bambo sanali opepera. Kukhala kumtunda anzawo ali panyanja ndiko kunkawawotcha, moti chilichonse chinali bwino kusiyana ndi kukhala chete.

Mawu aja akuti kutsuka anafera pomwepo kwathu. Mpaka bambo kumwalira, iwo akakhala pakhonde, mayi ankandiitana chapansipansi: "Asiyatu, bwera udzachape mbale."