Madiramu Anayi a M'shedi ya Fodya

Mundikhululukire polemba izi, sukulu sindinapite nayo patali. Koma anesi amene anandisamalira anandipempha, ndipo sindikanatha kuwakanira.

Ndimasankha fodya pa pulazi ina kufupi ndi Mvurwi. Lolemba lina mu Epulo ndinayamba kumva kupweteka kuseri kwa maso. Lachiwiri thupi linatentha, mfundo zonse zikuwawa. Sindinauze munthu, poopa kuti a foromani apatsa wina malo anga. Lachinayi nkhama zinayamba kutuluka magazi, ndipo amayi anandikweza kombi, kabasi kopita kuchipatala.

Kuchipatala tinadikira pabenchi mpaka masana. Malungo sanapezeke. Ananditenganso magazi, ndipo patapita masiku adokotala anati ndi dengi, matenda ofalitsidwa ndi udzudzu amene sawaonaona kuno. Ndinakhala masiku asanu ndi limodzi pa diripu, ndili m'neti ngakhale masana.

Amayi anadabwa, poti kunyumba timagona m'neti. Anesi anati, "Mai, udzudzu wake umaluma masana, ndipo umaswana m'madzi oyera ongokhala. Iwe sisi, kuntchito kwanu kuli madzi otani?"

Ndinakumbukira madiramu anayi a m'shedi, momwe timatunga madzi owaza pansi kuti fodya asaume n'kufumbutuka. Analibe zivundikiro. Madzi akachepa tinkangothiramo ena.

"Ukawauze a foromani," anatero anesi. "Ukachita manyazi, pabedi pano padzagona mnzako."

Ndinachira n'kubwerera kuntchito, koma milungu iwiri inatha ndisanatsegule pakamwa. Tsiku lina ndinaona Mai Tino, amene timagwira tebulo limodzi, akukanda miyendo pansi pa tebulo. Anali oyembekezera. Ndinasiya fodya n'kupita kwa a foromani kukawauza za madiramu aja.

"Kani iwe umalankhula?" anatero akuseka. Koma atasuzumira m'diramu n'kuona timphutsi ta udzudzu tikuvinavina, kuseka kunatha. Anangoti, "Mwanangu, bwanji sunanene kale?"

Panopa ndili bwino, ngakhale ndimatopa msanga. Ndikuthokoza anesi aja, amayi anga, ndi a foromani amene sanandinyoze. Anzanga, thupi likatentha pitani kuchipatala tsiku lomwelo, musadikire magazi ngati ine. Akanena kuti si malungo, musaganize kuti mwachira.

Madiramu onse anayi anakhuthulidwa, kutsukidwa ndi kuvundikiridwa pa 23 Meyi.