Chitsulo cha m'magazi a amayi

Kawaya kofiira kaja ndimakakumbukabe. Aphunzitsi anakasolola m'wailesi yakufa, chilimwe choyamba titabwerera kwathu ku Mualadzi kuchokera ku Zambia, kumene tinathawira nkhondo. Sukulu inalibe denga, tinkaphunzira pansi pa mkuyu. Anakoleza makala n'kuwazapo mchere, moto unasanduka wachikasu. Atayikapo kawayako, abale inu, moto wobiriwira! Tinakuwa ngati taona mfiti masanasana.

"Chinthu chilichonse chili ndi mtundu wake pamoto," anatero. "Nyenyezi nazo ndi moto. Akatswiri amangoyesa kuwala kwake, n'kudziwa zimene zili m'kati."

Anatiuza kuti mlalang'amba umene timauona kumwamba suli wokha. Ilipo yambirimbiri, ndipo imasiyana ngati minda. Ina ndi yosauka, pafupifupi mpweya wopepuka wokhawokha. Ina ndi yachonde, chifukwa nyenyezi zambiri zinakalamba m'menemo n'kuphulika, kumwaza chitsulo chimene zinasula m'mimba mwawo. Kumene chitsulo chachepa, dziko la miyala ngati lathuli n'lovuta kupangika. "Khasu lanu, ngakhale chitsulo cha m'magazi anu, chinasulidwa m'nyenyezi imene inafa kalekale."

Ndinayang'ana mitsempha ya padzanja langa. Mpaka lero, imvi zili mbuu, sindinazolowere nkhani imeneyi.

Nthawi imeneyo amayi anali atatha magazi. Zikhato zinali zitayera, pochoka kuchitsime ankapumula katatu. Asisitere a kumishoni anawapatsa mapiritsi, koma malume atawerenga pabotolo kuti muli chitsulo, amayi analitsomeka kudenga. "Chitsulo chinandidyera mwamuna panjira. Lero ine ndichimeze?" Bambo anawomberedwa pamene tinkathawa nkhondo, atatsalira m'mbuyo kuti ife tiwoloke malire. Malume anakalipa, ananyengerera, koma ayi ndithu. Ine ndinkaopa kuti mvula idzagwa amayi kulibe.

Tsiku la kawayalo ndinathamanga njira yonse. Ndinawapeza pakhonde akutongola chimanga pang'onopang'ono, ndipo ndinawakhuthulira zonse wefuwefu, zina ndikusokoneza. Manja awo anaima.

"Iwe, ukuti nyenyeziyo inafera kutali, ife n'kukhala ndi moyo kuno?"

"Eya, amayi. Atero aphunzitsi."

Amayi anakankhira chimanga pambali. "Kanditungire madzi. Utsitsenso botolo lija."

Anameza piritsi limodzi, misozi ili chuchuchu. Ine ndinalumpha kukadzitama kwa malume kuti nzeru za kusukulu zawagonjetsa amayi. Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi zokha. Sindinadziwe kuti amayi sankalirira nyenyezi.