Amene Anapatsidwa Foni Ndi Mlamu Wanga

Mlamu wanga, mlongo wake wa mkazi wanga, ndinamuitana ndine kuchokera ku Machinga. Anafikira m'kanyumba kanga kamalata ku Kraaifontein, ndipo ndine ndinamupemphera ntchito pa famu ya ndiwo zamasamba pomwe ndinkagwira. Ndinamuphunzitsa kulumikiza mapaipi, sitima yoyenera kukwera, ngakhale moni wa Chixhosa.

Chaka china cha chilala, madamu atayamba kuphwa, mwini famu anagula masensa. Zinali ndodo zapulasitiki zotuwa, zazitali ngati mkono, zokhala ndi kasola pamutu. Ukazizika pansi zinkayeza chinyontho n'kutumiza uthenga pa foni, kuti uku kabichi ali ndi ludzu, uku musathirire. Maenje ake ndinakumba ndine, mlamu akungondigwirira ndodozo. Koma pofika popereka foni, bwana anapatsa iyeyo, ati amawerenga Chingerezi msanga.

Kuyambira pamenepo wondiuza zochita anali mlamu. Sankadzitukumula ayi, ndipo mwina n'zimene zinkandipweteka kwambiri, chifukwa ndinalibe pomugwirira. Ankabwera mwaulemu, foni ili m'manja, n'kunena kuti, "Alamu, katseguleni paipi yakumtunda, sipinachi wauma." Ndinkapita ndithu, koma ndikafika ndinkayamba ndapisa chala m'dothi, ndikulakalaka kuti makinawo aname. Dothi linkapezeka louma.

Bwana anayamba kumukweza kutsogolo kwa galimoto, enafe kumbuyo ndi makireti. Lachisanu tikatuluka mu mzikiti anzathu ankamuunjirira kuti awaonetse mizere yobiriwira ndi yofiira ya pa foni ija. Ndikadandaula kunyumba, mkazi wanga ankangoti ndizinyadira, poti ndi m'bale wathu yemwe.

Amene anandilasa kwenikweni ndi mayi anga. Tsiku lina ndinawaimbira kumudzi, ndipo titangopatsana moni anati ndipereke foni kwa mlamu. Anamva kuti mnyamatayo ali ndi makina odziwa za nthaka, ndiye ankafuna kumufunsa ngati abzale chimanga ndi mvula yoyamba kapena adikire. Ine amene ndinalima nawo munda umenewo kuyambira ndili mwana ndinangoima pakhomo kumamvetsera. Mlamu anayesetsa kuwafotokozera kuti ndodozo zimangodziwa dothi lomwe zazikidwamo basi, koma mayi sanamve zimenezo. Anamuuza kuti akamabwera adzawatengereko imodzi.

Chilala chitatha, kampani yogulitsa masensa inamutenga kuti azikawazika m'minda ya mpesa, ndipo anasamukira ku Milnerton. Lolemba lake ndinapita kuntchito nditavala malaya osita, ndikudziwa kuti foni tsopano ndi yanga. Bwana anandiitanadi, koma kunali kundionetsa mipopi yatsopano yodzitsegukira yokha. Foni anasunga mwiniwake. Ine anandipatsa nsanza, ndizipukuta zitosi za mbalame pa timasola.

Pa Idi mlamu anabwera pa galimoto ya kampani, ana anga n'kumuthamangira mpaka kumsewu. Titadya ndinamufunsa chapansipansi ngati kwawoko safuna munthu wokumba maenje, iye anati akafunsa. Patapita miyezi anandiimbira, mawu ake osangalala, kuti malo apezeka, ndizikagwira m'gulu lake lomwelo.

Ndinamuthokoza n'kumuuza kuti ku Milnerton n'kutali, sitima masiku ano n'zosadalirika.